Lembani zimene mwaona, osati zimene zili m'buku

Sabata yoyamba ya chaka cha maphunziro, aphunzitsi a sayansi timagawira ophunzira pepala la malamulo. Mapepalawa sasiyana kwenikweni: fikani nthawi yabwino, musadyere mu labotale, musathamange, perekani ntchito pa tsiku lake, lemekezani anzanu. Mwana amasaina, n'kulipinda, n'kulitsekera kumapeto kwa kope, basi. Ine ndimaphunzitsa bayoloji ku sekondale, ndipo pepala lotere ndimagawa nanenso. Chimene ndimakana n'kuliwerenga mothamanga kuti tifulumire kuyamba mutu woyamba wa m'buku. Kwa ine pepalali ndiye phunziro loyamba la bayoloji, chifukwa pafupifupi lamulo lililonse limene lili pamenepo linachokera ku zimene anthu anatulukira zokhudza zamoyo, ndipo zina anazitulukira anthu ambiri atatayapo kale miyoyo. Lamulo limene mphunzitsi sangathe kufotokoza chifukwa chake, kuli bwino alifufute.

Kusamba m'manja ndi lamulo limene ana a sekondale amaliona ngati la makanda. Ndiye ndimawauza za Ignaz Semmelweis, dokotala wa ku Hungary amene ankagwira ntchito pa chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna. M'chigawo chimene amayi ankaberekera m'manja mwa madokotala ndi ophunzira udokotala, amayi ochuluka ankamwalira ndi nthenda yotentha thupi yobwera mayi akangobereka, kuposa m'chigawo cha azamba. Semmelweis anaona kuti madokotalawo ankachoka kong'amba mitembo n'kupita kukagwira amayi. Mu Meyi 1847 analamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini asanakhudze mayi. Mu Epulo chaka chomwecho amayi oposa 18 pa 100 alionse anali atamwalira m'chigawocho. Pofika Juni anatsika kufika pa 2 okha pa 100. Nthawi imeneyo zoti tizilombo tosaoneka ndi maso timayambitsa matenda zinali zisanavomerezeke, ndipo madokotala anzake ambiri anamutsutsa. Mwana amene wamva nkhaniyi amaima pa sinki ndi maganizo ena.

N'chimodzimodzi ndi lamulo loletsa kudya, kumwa, ngakhale kutafuna cholembera mu labotale. Bakiteriya akapeza chakudya ndi kutentha koyenera, ena amagawikana pa mphindi 20 zilizonse. Tikawerengera pa bolodi, mmodzi yekha amasanduka oposa 16 miliyoni m'maola 8. N'chifukwa chake mbale ya Petri imene tameretsamo tizilombo ta pa zala sitiitsegulanso. Timaimata ndi tizidutswa ta tepi, osazunguliza yonse, kuti mpweya uzilowabe. Ikatsekedwa kotheratu timapereka mwayi kwa mitundu ina yoopsa imene imakula bwino popanda okosijeni. Ndipo ku sukulu timaisunga pa kutentha kosapitirira madigiri 25, osati 37, popeza 37 ndi kutentha kwa thupi la munthu, kumene tizilombo todwalitsa anthu timakukonda kwambiri. Onani kuti pofotokoza kalamulo kamodzi kameneka taphunzira kale zinthu zitatu za m'silabasi.

Za moto sindichedwapo, koma sindinyengerera. Poyeza starch, chakudya chimene chomera chimapanga pa kuwala n'kusunga m'tsamba, timafunika kuchotsa kubiriwira kwa tsambalo ndi ethanol, mowa wa mu labotale. Ethanol amayaka msanga, ndipo nthunzi yake imagwira moto ngakhale botolo lili patali pang'ono. Amawira pa madigiri 78, kutanthauza kuti madzi ongophulidwa kumene ndi okwanira kumuwiritsa. Choncho moto wonse uzime kaye, kenako chubu cha ethanol chilowe m'madzi otentha. Chubu chimene chikutenthedwa chisaloze nkhope ya munthu. Tsitsi lalitali limangidwe. Magalasi oteteza maso akhale pamaso, osati pamphumi. Galasi lotentha ndi lozizira amaoneka chimodzimodzi, ndiye osalitola ndi dzanja musanatsimikize. Mankhwala akadonthera m'diso, madzi oyenda kwa mphindi zosachepera 15, ndipo mnzako athamange kudzandiitana. Pa zimenezi ndimawonjezera lonjezo limodzi limene ndimalisunga ndi mtima wonse: wobwera kudzanena kuti waswa chinthu kapena wataya mankhwala salandira chilango. Wolandira chilango ndi wobisa, chifukwa chimene wabisacho chidzacheka kapena kuwotcha munthu wina amene sakudziwa kanthu.

Malamulo amenewa ndi osavuta kuwateteza, popeza aliyense amaopa kupsa. Lamulo limene ndimalitenga kukhala lalikulu kuposa onse silikhudza khungu la munthu, ndipo ndi limene limaswedwa kawirikawiri, nthawi zambiri ndi ana anzeru ndi akhama omwe. Lamulolo ndi ili: lembani zimene mwaona.

Taonani mmene zimachitikira. Tasenda kakhungu kopyapyala ka mkati mwa anyezi, takaika pa kagalasi, tadonthezapo ayodini, ndipo ana akuyang'ana pa maikulosikopu. Ndikamazungulira, ndimapeza m'makope ena chithunzi chokongola cha selo ya chomera, chokhala ndi ma chloroplast, tizigawo tobiriwira topanga chakudya ndi kuwala, m'mbali monsemo. Koma m'kakhungu ka anyezi mulibe ma chloroplast. Mbali imeneyo ya anyezi siona dzuwa, ntchito yake n'kusunga chakudya, osati kuchipanga. Mwanayo sanajambule zimene zili pansi pa diso lake. Wajambula zimene analoweza pa tsamba la buku. Wina amajambula mosamala timizere tozungulira takuda m'mphepete n'kulemba kuti ndi maselo, pomwe ndi thovu la mpweya limene latsekeredwa chifukwa kagalasi kophimbira anakagwetsa mwachindunji m'malo mokatsitsa mopendeketsa pang'onopang'ono. Pa awiriwa, wachiwiriyu ndimamupatsa malikisi ochulukirapo. Walakwitsa dzina la chimene waona, koma anayang'anadi, ndipo munthu woyang'ana n'zotheka kumuphunzitsa. Woyambayo anali ndi maikulosikopu patsogolo pake koma sanaigwiritse ntchito.

Ana sachita izi chifukwa cha kuipa mtima. Zaka zonse za sukulu zawaphunzitsa kuti funso lililonse lili ndi yankho limodzi, limene mphunzitsi analisunga kale, ndipo ntchito yawo n'kulipeza msanga. Ndiye poyeza starch, gulu likaona kuti tsamba lawo lada lonse ndi ayodini, amene amadetsa pamene pali starch, kuphatikizapo mbali imene anaiphimba kuti isaone kuwala, amabwera ndi nkhope zakugwa: "Aphunzitsi, zathu sizinatheke." Ena sabwera n'komwe, amasuzumira gulu loyandikana nalo, n'kufufuta zawo, n'kulemba za anzawo. Ine ndimati, zatheka, tiyeni tione chimene tsambalo likutiuza. Kodi chomeracho chinakhala mumdima maola 48 kuti starch wakale athe? Kodi chophimbacho chinagwira bwino, kapena kuwala kunkalowa m'mbali? Gulu limene lalemba kuti tsamba linada lonse, n'kupereka zifukwa zomveka zimene zikanachititsa zimenezo, lachita sayansi yochuluka kuposa limene lapeza zogwirizana ndi buku osadziwa chifukwa chake. Pochonga ndimasonyeza zimenezi poyera, kuti aone kuti si mawu chabe.

Mbiri ya bayoloji ili mbali yanga pa nkhaniyi. Mu Seputembala 1928, Alexander Fleming atabwerera ku labotale yake pa chipatala cha St Mary's ku London, anapeza mbale ina ya mabakiteriya itachita nkhungu. Mwa kaonedwe ka mwana wofuna yankho la m'buku, mbale imeneyo inali yowonongeka, yoyenera kutayidwa. Fleming anaona kuti mozungulira nkhunguyo mabakiteriya anali atafa, ndipo analemba zimene anaonazo. Panapita zaka zoposa khumi kuti Howard Florey, Ernst Chain ndi anzawo ku Oxford asandutse zimenezo kukhala mankhwala a penisilini ochiza anthu, koma chiyambi chake chinali munthu amene sanafufute zotsatira zosayembekezereka.

Gregor Mendel, mmonke amene anafufuza mmene zamoyo zimatengera makolo awo, ndiye amandithandiza kwambiri. M'dimba la nyumba ya amonke ku Brno, pakati pa 1856 ndi 1863, anabzala ndi kuwerenga nsawawa zikwizikwi. Buku lililonse la sekondale limanena za 3 kwa 1: mukakwatitsa nsawawa zosalala ndi zokwinyika, mu m'badwo wachiwiri njere zitatu zimakhala zosalala pa imodzi iliyonse yokwinyika. Koma manambala amene iye analemba pa kaonekedwe ka njere ndi awa: zosalala 5,474, zokwinyika 1,850. Mukagawa mupeza 2.96, osati 3. Zamoyo sizipereka manambala oyera ngati a masamu, ndipo gulu la ana likawerenga njere 40 n'kupeza ndendende 30 ndi 10, n'zotheka ndithu, koma ndimafuna kuona pepala limene ankawerengerapo. Ngakhale Mendel yemweyo sanapulumuke: mu 1936 katswiri wa ziwerengero Ronald Fisher ananena kuti manambala ake akuyandikira kwambiri zimene ankayembekezera, kuposa mmene mwayi ungalolere, ndipo akatswiri akhala akutsutsana za nkhaniyi kwa zaka zambiri. Ndimafuna ana adziwe kuti mu sayansi zotsatira zokongola mopitirira zimadzutsa mafunso, ndipo wolemekezeka aliyense amafunsidwa.

Kuchokera pa lamulo limeneli pamatuluka timalamulo tina tating'ono ta kope. Zotsatira zilembedwe nthawi yomweyo, mu tebulo limene mwajambula musanayambe, osati pa chikhatho kapena pa kapepala koti mudzakopere bwino madzulo, chifukwa pokopera m'pamene manambala amayamba kukonzedwa. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti zakalezo ziziwerengekabe. Chithunzi chijambulidwe ndi pensulo yosongoka, chachikulu, cha mizere imodziimodzi, chopanda kudetsa mkati. Mizere yolozera mayina ikhale ya rula ndipo isapingasane. Pansi pake lembani kuti chakuzidwa kangati: lenzi ya kudiso ya 10 ndi ya kumunsi ya 40 zimapereka 400. Si mpikisano wa luso lojambula. Robert Hooke, amene mu 1665 anasindikiza zithunzi za timabowo ta m'khungwa la mtengo n'kutitchula kuti maselo, timamukumbukira chifukwa anthu ena akanatha kuyang'ana pa maikulosikopu yawo n'kupeza zomwezo. Ndiye cholinga cha chithunzi cha sayansi.

Za kuonera ntchito ya mnzako, kapena kukopera ndime yonse pa intaneti, sindizitenga ngati nkhani ina yapadera. Ndi kuswa lamulo lomweli. Mu gulu mumagawana zida ndi manambala, koma kufotokoza tanthauzo lake aliyense alembe yekha. Makope awiri ofanana mpaka mawu olakwika omwe, onse awiri amabwerera kwa eni ake. Ndimauza ana mosabisa kuti ena mwa iwo adzakhala anamwino, oyeza magazi, alangizi a zaulimi, ofufuza mankhwala. Munthu amene anazolowera ali ndi zaka 16 kulemba nambala yoyembekezereka m'malo mwa imene waona, tsiku lina adzalemba kutentha kwa thupi la wodwala asanamuyeze.

Tsopano pali mbali ina imene imasiyanitsa bayoloji ndi fizikisi kapena kemisitiri, ndipo mapepala ambiri a malamulo amangoidutsa ndi mawu awiri akuti "lemekezani anzanu". Zimene timaphunzira zakhala pa mipando m'kalasi momwemo. Ndikamaphunzitsa za chialubino, kuti mwana amabadwa nacho akalandira jini yake, kachidutswa ka malangizo a chibadwa, kuchokera kwa bambo ndi kwa mayi omwe, ndipo thupi lake silipanga melanin wokwanira, amene amadetsa khungu ndi tsitsi, mwina pali mwana amene maso onse atembenukira kwa iye. Ndikamaphunzitsa za sickle cell, mwina wina anagona m'chipatala mwezi watha ndi ululu wa nthendayo. Pa mutu wa HIV, m'kalasi iliyonse ndimayamba ndi maganizo akuti alipo amene akumwa mankhwala, kapena amene anataya kholo, ndipo sindidzadziwa kuti ndi uti. Choncho lamulo ndi lakuti sitiloza munthu ngati chitsanzo, sitifunsa mnzathu za matenda ake kapena a kwawo, ndipo nthabwala yokhudza thupi la munthu imaimitsa phunziro nthawi yomweyo. Sindidikira kuti ndidzalankhule ndi woseka uja patapita nthawi; amene wapwetekedwa ayenera kumva ndi makutu ake kuti mphunzitsi sanazilole.

Lamulo limeneli limandimanga inenso. Sindituma ana kuti akafunse gulu la magazi la makolo awo n'kudzayerekeza ndi lawo. Zimaoneka ngati ntchito yosangalatsa, koma mabanja ali ndi mbiri zawo: ana oleredwa, bambo wopeza, zinthu zimene akuluakulu sananene. Kalasi si malo oti mwana atulukirire zimenezo pamaso pa anzake. Komanso zambiri zimene anthu amaziona ngati zosavuta, monga mtundu wa maso kapena kutha kupinda lilime, sizitsatira jini imodzi ngati nsawawa za Mendel, ndiye mwana angathe kuvutika mtima pa chinthu chimene si choona n'komwe. Timagwiritsa ntchito mabanja ongopeka a pa pepala, ndipo phunziro limamveka chimodzimodzi.

Pa mutu wa kubereka ndimalola kuseka kwa mphindi yoyamba, chifukwa ndi kuseka kwa manyazi, ndipo kumatha kokha. Kenako timatchula ziwalo ndi mayina ake a sayansi, momveka, popanda kutsitsa mawu. Ndimaika bokosi pakhomo loti aliyense aponyemo funso losalemba dzina, ndipo ndimayankha onse. Mafunso a m'bokosimo ndi amene amandikumbutsa kulemera kwa ntchitoyi. Mtsikana amawerenga m'buku kuti msambo umabwera pa masiku 28 alionse, wake sukutero, ndipo wakhala ndi mantha osauza munthu. Wina amayenera kumuuza kuti 28 ndi chiwerengero chapakati chabe, kuti kwa akuluakulu masiku 21 mpaka 35 ndi abwinobwino, ndiponso kuti m'zaka zoyambirira kusinthasintha n'kofala. Ngati kalasi ili malo onyozana, funso limenelo silifunsidwa.

Mutu wa kusintha kwa zamoyo, umene Charles Darwin anaufotokoza m'buku lake la 1859, umafika ndi nkhawa kwa ana ena achipembedzo. Ndimawauza kuyambira pachiyambi chimene ndikuyembekezera: mumvetse zimene asayansi akunena, mudziwe umboni umene akuimirapo, monga mafupa akale, kufanana kwa DNA, ndi mabakiteriya amene asiya kumva mankhwala, ndipo muthe kuzifotokoza molondola. Chikhulupiriro cha munthu sindichonga. Wonyoza mnzake chifukwa chokhulupirira ndi wonyoza mnzake chifukwa chosakhulupirira, onse aswa lamulo limodzi.

Ulemu womwewo umafika kwa zamoyo zimene timagwira. Tsiku long'amba mtima wa nkhosa, palibe kuopsezana ndi nyama, palibe kujambulana zithunzi zoseketsa. Chinyamacho chinali chamoyo, ndipo chifukwa chokha chimene mtima wake uli pa tebulo lathu n'chakuti mwana aike chala m'chipinda cha kumunsi chakumanzere, amve mmene khoma lake lanenepera kuposa la kumanja, amvetse kuti mbali imeneyo imapopa magazi kupita thupi lonse pomwe inayo imangowafikitsa ku mapapo. Mpeni uzicheka molowera kutali ndi thupi lako ndi la mnzako. Amene mtima wake sukumulola kugwira, aime pambali aziona, kapena agwiritse ntchito chithunzi; sindimukakamiza, ndipo salandidwa malikisi. Tikatola tizilombo kapena nyongolotsi panja, timatenga zochepa, n'kuzibwezera pamene tinazipeza.

Zotsalazo ndi za kalasi iliyonse. Foni ikhale m'chikwama pokhapokha nditanena kuti tijambule zotsatira. Pa tebulo la labotale imatola chilichonse chimene chatayikira, kenako imapita kutsaya. Wochedwa pa tsiku la zoyeserera, amene sanamve malangizo a chitetezo, sagwira chida mpaka nditamufotokozera payekha. Ntchito yochedwa ndimalandira ngati mwini wake anandiuza tsiku lisanafike. Wojomba afunse yekha zimene zamudutsa. Pa kawerengedwe ndimapempha chinthu chimodzi: madzulo a tsiku lomwelo, mphindi 15, tsekani kope n'kuyesa kujambula kapena kufotokoza zimene taphunzira, kenako tsegulani muone pamene mwaphonya. Katswiri wa za maganizo Hermann Ebbinghaus anasonyeza kale mu 1885 kuti zambiri zimene taphunzira zimaiwalika m'maola ndi masiku oyambirira. Bayoloji ili ndi mawu achilendo ambiri, ndipo woyembekezera sabata ya mayeso kuti awaloweze onse pamodzi amangodzizunza. Koma mawuwo si mapeto. Wodziwa kutchula osmosis koma osatha kunena chifukwa chake kachidutswa ka mbatata kamafota m'madzi amchere, sanayambe.

Kuseri kwa pepala la malamulo ndimalemba zimene iwo ayenera kuyembekezera kwa ine, ndipo ndimasaina pamaso pawo. Choyeserera chilichonse ndidzachiyesa ndekha ndisanachibweretse. Magalasi oteteza maso ndidzavala nthawi iliyonse imene ndawauza kuti avale. Makope ndidzabweza asanaiwale zimene analemba, ndi ndemanga yoti awongolere, osati nambala yokha. Sindidzawerenga malikisi a munthu mokweza. Funso limene ndilibe yankho lake ndidzanena kuti ndikafufuza, ndipo ndidzabwera nalo, chifukwa mphunzitsi wopeka yankho sangauze mwana kuti asapeke zotsatira. Wofuna kunditsutsa ndi umboni ali ndi ufulu wonse.

Mphindi khumi zomaliza za tsiku la zoyeserera ndi zokonza, ndipo belu silitulutsa munthu tebulo lake lisanayere. Maikulosikopu ibwezedwe pa lenzi yaing'ono, inyamulidwe ndi manja awiri, lina pa chogwirira lina pansi. Magalasi osweka apite m'bokosi lawolawo, osati m'bini ya mapepala, chifukwa pali munthu amene adzabwera kudzasesa ife titachoka, ndipo adzapisamo dzanja. Mbale za Petri azisiye zomata momwemo pa thireyi imene ndaika. Ndimaziphika ndekha mu nthunzi yotsekeredwa, pa madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, zisanatayidwe. Gulu lililonse limasankha mmodzi woti andiitane ndidzaone tebulo, ndipo udindo umenewo umazungulira sabata ndi sabata, kuti usamagwere atsikana okhaokha kapena mwana wofatsa yemweyo nthawi zonse.